NJINGA, MIMBA NDI ZAKA: MAU KWA ANZATHU ACIKULIRE A KU SILVEREST

Aliyense amene anadziwa Silverest zaka 20 zapitazo adzavomereza kuti malo ano asintha. Kumene kunali mafamu, minda ndi thengo, lero kuli mipanda ya njerwa, masitolo, nyumba za Silverest Gardens ndi sukulu ya University of Lusaka. Ambiri a ife tinabwera kuno titagula kapuloti ndi ndalama za penshoni kapena za nkhongole, kuthawa phokoso la m'tauni. Koma pamodzi ndi katundu wa m'nyumba tinasamuka ndi katundu wina amene sanalembedwe pa pepala, ndiye mimba. Tidzuka m'mawa, tikwera basi kapena galimoto, tikhala pa mpando tsiku lonse, madzulo tikhalira nsima, kenaka wailesi ya kanema. Lamba wa buluku wayamba kufuna zibowo zatsopano, ndipo kumanga zingwe za nsapato kwasanduka nchito yopumira m'mwamba.

Pa msewu womwewo wa Great East timakumana ndi amuna a msinkhu wathu, ena otiposa zaka, akuchova njinga zolemedwa ndi masaka a makala kucokera kumidzi ya Chongwe kupita ku Lusaka. Sitisirira nchito yao, pakuti ndi yowawa, ya ngozi, ndiponso ya phindu locepa. Koma atisonyeza cinthu cimodzi coona, cakuti thupi la zaka 55 likhoza kucita zambiri kuposa zimene ife tilipatsa.

Nkhani ino talembera atate ndi amai amene apitirira zaka 50, amene afuna kuphwetsa mimba ndi kubweza mpweya wao pogwiritsa nchito njinga, koma sadziwa poyambira.

Cimene cili pa ngozi

Mu 2017 unduna wa za umoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, unacita kafukufuku wochedwa STEPS pakati pa anthu a zaka 18 kufika 69 muno mu Zambia. Anapeza kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai alemera kupitirira muyeso. Ciwerengero cimeneci caphatikiza acinyamata. Pakati pa ife acikulire, BP yokwera ndi yofala koposa pamenepo.

Coopsa ca BP ndi cakuti siwawa. Munthu akhoza kuyenda nayo zaka zambiri osadziwa, kufikira tsiku limene dzanja lileka kugwira kapu, pakamwa papotoka, mau sakumveka. Dziko lonse likumbukira mwezi wa Ogasiti 2008 pamene tinataya Pulezidenti Levy Mwanawasa ali ndi zaka 59, atagwidwa ndi sitoroko pa msonkhano ku Egypt. Ngati matendawa afika pa munthu wokhala ndi madokotala pafupi, nanga ife amene tiyamba tafuna ndalama ya basi?

Amene timayendera odwala m'nyumba tidziwa mmene sitoroko kapena shuga imasinthira banja. Amai aleka malonda ao kuti asamalire amuna ao. Ndalama ya sukulu ya mwana ipita ku mankhwala. Nyumba imene inafika pa mawindo iima pomwepo zaka zisanu. Mafuta a m'mimba, amene azinga ciwindi ndi matumbo, ndiwo agwirizana kwambiri ndi shuga, BP ndi matenda a mtima. Muyeso wake ndi wosavuta. Tengani cingwe cotalika monga msinkhu wanu, cipindeni pakati, ndipo muzinge naco mimba pamwamba pang'ono pa mcombo. Ngati nsonga ziwiri sizikumana, mafuta acuruka. Munthu wotalika masentimita 170 ayenera kukhala ndi ciuno cosapitirira masentimita 85.

Cifukwa ninji njinga?

Munthu wolemera makilo 95 akayamba kuthamanga, maondo ndi akakolo ndiwo alipira, pakuti phazi lililonse likagunda pansi lilandira kulemera koposa kawiri thupi lake. Pa njinga, cishalo ndico cinyamula thupi, ndipo miyendo igwira nchito popanda kugunda pansi. Ndico cifukwa cake njinga iyenerera anthu olemera ndi a maondo otopa.

Ndiponso njinga si mlendo kwa ife. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, Kenneth Kaunda anayendera madera a Northern Province pa njinga polinganiza nthambi za African National Congress. Akatekisiti, aphunzitsi ndi alangizi a za ulimi tinali kufika kumidzi pa njinga. Ambiri tikumbukira njinga za Eagle za fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata. Lero ziliko za Buffalo za bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, ndipo kaliyala wake anapangidwa kuti anyamule makilo 100. Cimene cinasintha ndi maganizo athu. Titapeza kanchito ndi kagalimoto tinayamba kuyesa njinga cizindikiro ca umphawi.

Ofufuza apeza zina. Mu 2017 a pa University of Glasgow anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu oposa 260,000 a ku Britain kwa zaka pafupi-fupi 5. Amene anali kupita ku nchito pa njinga, ngozi yao ya kufa m'zaka zimenezo inali yocepa ndi 41 peresenti poyerekeza ndi okwera galimoto kapena basi. Mu 2018 a ku King's College London ndi University of Birmingham anapima okwera njinga 125 a zaka 55 kufika 79, napeza kuti minofu yao ndi citetezo ca m'thupi mwao sizinafooke monga zimacitira mwa anzao ongokhala. Ndipo mu Januwale 2017 mkulu wina wa ku France, Robert Marchand, anachova makilomita oposa 22 mu ola limodzi ali ndi zaka 105. Sitinena kuti tonse tidzafika pamenepo. Tinena kuti zaka 55 si nthawi yotsekera njinga m'kacipinda.

Yambirani ku cipatala

Safunsa anadya phula. Musanakwere njinga, pitani ku kiliniki yapafupi, ku cipatala ca boma ku Chongwe kapena ku Levy Mwanawasa, akakupimeni BP ndi shuga. BP ya 140 pa 90 kapena kuposerapo ndi yokwera. Ikakwera kwambiri, adokotala ayambe aitsitsa ndi mankhwala, njinga ibwere pambuyo.

Uzani adokotala kuti mufuna kuyamba kuchova, makamaka ngati munadwalapo mtima kapena sitoroko. Amene mumwa mankhwala a shuga monga glibenclamide, kapena mulasa insulin, dziwani kuti kuchova kukhoza kutsitsa shuga mopitirira. Musacoke pa nyumba ndi njala, ndipo nyamulani maswiti kapena nthoci m'thumba. Kunjenjemera, thukuta lozizira ndi kusokonezeka mutu ndizo zizindikiro zake. Amene mumwa atenolol, mtima wanu sudzathamanga kwambiri ngakhale mutatopa, motero musadalire kuwerenga kugunda kwake.

Pali zizindikiro zimene sitikambirana nazo. Mukamva kupanikiza kapena kuwawa m'cifuwa, kuwawa kotsikira ku dzanja kapena kukwera ku cibwano, cizungulire, kapena kubanika kosayenerana ndi liwiro lanu, tsikani pomwepo ndipo funani thandizo tsiku lomwelo. Ndiponso musaleke mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV cifukwa cakuti mwayamba kumva bwino. Wocepetsa mankhwala ndi dokotala yekha.

Masabata 12 oyamba

Bungwe la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, linati munthu wamkulu afunika mphindi 150 kufika 300 pa sabata za nchito yolimbitsa thupi ya pakati-kati. Nchito ya pakati-kati ndi iti? Ndi imene mupuma mwamphamvu ndi kutuluka thukuta pang'ono, koma mukhoza kukamba ndi mnzanu ciganizo cathunthu. Mukatha kuimba nyimbo, liwiro lacepa. Mukalephera kuchula mau atatu osapuma, liwiro lacuruka. Kwa munthu wa zaka 55 wosamwa mankhwala a mtima, pamenepo mtima ugunda pakati pa 105 ndi 125 pa mphindi.

Amuna ambiri alephera pa sabata yoyamba cifukwa ca manyazi. Mnyamata akawapitirira, iwo aimirira pa mapedulo kuti amupeze, ndipo mawa lake sangathe kutsika pa bedi. Kuthamanga sikufika. Mphamvu ya kupirira imangidwa ndi liwiro lofatsa. Mukachova mofatsa nthawi yaitali, mtima uphunzira kutumiza magazi ambiri pa kugunda kumodzi, timitsempha tating'ono ticuruka m'minofu ya miyendo, ndipo minofuyo iphunzira kutentha mafuta m'malo modalira shuga yekha. Zimenezi zitenga masabata, sizicitika ndi ukali wa tsiku limodzi.

Dongosolo limene tilangiza ndi ili. Sabata yoyamba ndi yaciwiri, chovani masiku 3, mphindi 15 kufika 20 pa tsiku, pa malo osakwera, ndi kusiya tsiku lopuma pakati. Sabata yacitatu ndi yacinai, fikani pa mphindi 25 kapena 30. Kuyambira sabata 5 kufika 8, chovani masiku 4: masiku 3 a mphindi 30 kufika 35, ndi tsiku limodzi, monga pa Ciweru, la ulendo wautali wa mphindi 45 kufika 60. Pamenepo mwafika pa mphindi 150 zija. Kuyambira sabata 9 kufika 12, onjezani mphindi 10 pa ulendo wa pa Ciweru sabata iliyonse kufikira ukwane ola limodzi ndi theka.

Sabata yacinai iliyonse, ngati thupi lalema, cepetsani maulendo ndi theka. Mphamvu siibwera pamene muli pa njinga, ibwera pamene mupuma ndi kugona, thupi likukonza zimene zagwira nchito. Mnyamata wa zaka 25 acira usiku umodzi, koma ife tifuna masiku awiri pambuyo pa ulendo wolemetsa. Mukadzuka mtima ukugunda msanga kuposa masiku onse, tulo tasowa, miyendo ili ngati mitengo, tsiku limenelo ndi lopuma.

Pambuyo pa masabata 12, amene adokotala awalola akhoza kuonjeza tsiku limodzi la kukwera mtunda: mphindi 2 mwamphamvu, mphindi 3 mofatsa, kanai kapena kasanu. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Boma la Chongwe lili pa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera ku Lusaka, ndipo Silverest ili ca pakati. Kupita ku boma ndi kubwera ndi makilomita ngati 40, ndiye kuti maola osakwana 3 pa liwiro la makilomita 15 pa ola. Umenewo ukhale ulendo wa mwezi wacisanu kapena wacisanu ndi cimodzi, osati wa sabata yoyamba.

Njinga yokha siphwetsa mimba

Apa ndi pamene ambiri akhumudwa, tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Mphamvu ya m'cakudya iyesedwa ndi makalori. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi isunga makalori pafupi-fupi 7,700. Munthu wolemera akachova ola limodzi mofatsa atentha makalori 400 kufika 500. Mphindi 150 pa sabata zipatsa makalori 1,000 kufika 1,250. Motero ndi njinga yokha, kilo imodzi icoka pa masabata 6 kufika 8, ndipo zimenezo ndi pamene simunaonjeze cakudya.

Koma njinga imadzetsa njala. Botolo la cakumwa cozizira ca shuga la mamililita 500 lili ndi makalori oposa 200, ndiye kuti theka la ola la kuchova lapita m'kamphindi. Supuni yaikulu imodzi ya saladi ili ndi makalori 120. Botolo la mowa lili ndi pafupi-fupi 150. Munthu wochova mphindi 40 n'kuima pa kantemba kugula vitumbuwa vitatu ndi cakumwa, wabweza zonse ndi ciongola dzanja comwe.

Sitinena kuti lekani nsima. Munthu wa kuno sangakhale osadya nsima, ndipo lamulo limene simungasunge caka conse lilibe phindu. Tinena kuti cepetsani. Amene mudya mitanda itatu, tsikirani pa iwiri, kenaka umodzi ndi theka. Sankhani ufa wa rola kapena mgaiwa m'malo mwa woyera, pakuti uli ndi gaga amene asunga mimba nthawi yaitali. Theka la mbale likhale la masamba: repu, ciwawa, bondwe, kalembula, delele, impwa. Gawo lotsala ligawike pakati pa nsima ndi ndiwo zomanga thupi, monga nyemba, kapenta, mazira, soya, nsomba kapena nkhuku. Ndiwo zotendera ndi zabwino, koma nshawa zili ndi mafuta ambiri, tsono musathiremo ndi saladi yemwe.

Pa shuga, a WHO alangiza kuti ndi bwino kusapitirira masupuni ang'ono 6 pa tsiku, kuphatikiza wa m'zakumwa. Werengani amene muthira mu tiyi m'mawa, ndipo kumbukirani kuti maheu a m'sitolo ndi munkoyo wothira shuga awerengedwa pomwepo. Pa mcere, muyeso ndi wosakwana magalamu 5 pa tsiku, ndiye kasupuni kamodzi, koma kafukufuku wa STEPS uja anapeza kuti ife a mu Zambia tidya pafupi-fupi kawiri kuposa pamenepo. Cotsani mcere pa thebulo, ndipo cepetsani timiyala tokometsera ndiwo.

Mukacotsa makalori 300 kufika 500 pa cakudya ca tsiku ndi kuonjezapo njinga, mudzataya pafupi-fupi theka la kilo pa sabata. Cioneka cocepa, koma pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Ndipo simufunika kubwerera ku thupi la pa tsiku la cikwati. Ku America, kafukufuku wochedwa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu amene anali pafupi kudwala shuga nawapatsa colinga cotaya 7 peresenti ya kulemera kwao ndi kucita mphindi 150 pa sabata. Ngozi ya kudwala shuga inatsika ndi 58 peresenti, ndipo mwa a zaka 60 kupita m'tsogolo inatsika ndi 71 peresenti. Onani kuti acikulire ndiwo anapindula koposa. Kwa munthu wa makilo 95, zimenezi zitanthauza kutaya makilo osakwana 7, nchito ya miyezi itatu kapena inai.

Dzipimeni kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo imodzi-modzi. Masabata ena sikelo idzaima, koma cingwe ca m'ciuno cidzasonyeza kuti zinthu zikuyenda.

Musataye minofu

Kuyambira zaka 30 munthu ataya minofu pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo pambuyo pa zaka 60 kutayako kufulumira. Wacikulire akadzimana cakudya mopitirira ataya mafuta ndi minofu pamodzi, natsala wopepuka koma wofooka. Ndico cifukwa cake sitivomereza njira zokhala ndi njala masiku ambiri, kapena tiyi ndi mapilisi amene agulitsidwa pa Facebook ndi lonjezo la kusungunula mimba m'sabata imodzi. Ambiri a iwo angotsegula m'mimba ndi kucotsa madzi, ndipo kwa munthu wa BP kapena impso zofooka ndi ngozi.

Idyani ndiwo zomanga thupi pa cakudya ciliconse, osati madzulo okha. Ndipo masiku 2 pa sabata citani nchito ya mphamvu, monga a WHO alangiza. Simufunika kulipira ku malo olimbitsira thupi. Khalani pa mpando ndi kuimirira osagwira kalikonse ka 10, mupume, mubwereze katatu. Kankhani cipupa ndi manja. Nyamulani zigubu ziwiri za madzi za malita 5 kuzungulira bwalo. Khasu nalo ndi mphunzitsi wabwino. Popeza pa njinga mafupa sanyamula thupi, njinga siilimbitsa mafupa kwenikweni. Amai amene analeka kusamba, amene mafupa ao afooka msanga, aonjeze kuyenda pansi mwacangu masiku amene sachova.

Konzani njinga kuti ikuyenereni

Simufunika njinga ya mpikisano. Ya kale ija ikwanira ngati mabuleki agwira, matayala ali ndi mpweya ndipo cheni cathiridwa mafuta. Kulemera kwa njinga si vuto kwa munthu wofuna kutentha mafuta. Koma amene mugula tsopano, njinga ya magiya ndi matayala aakulu idzakuthandizani pa mitunda ndi pa misewu ya dothi ya kuno.

Maondo ambiri awawa cifukwa ca cishalo cotsika. Khalani pa cishalo, ikani cidendene pa pedulo ili pansi peni-peni. Mwendo uyenera kuongoka. Mukabweza phazi kuti muchove ndi kutsogolo kwake, bondo lidzapindika pang'ono cabe, ndipo ndiwo muyeso wake. Ngati matako agwedezeka uku ndi uku pochova, cishalo cakwera kwambiri. Sankhani giya yopepuka kuti miyendo izungulire msanga, ka 70 kapena 80 pa mphindi, m'malo mokankha giya yolemera. Giya yolemera idya maondo. Mtunda ukakula, tsikani mukankhe, palibe mlandu.

Alipo amuna amene aopa kuti njinga idzacepetsa mphamvu za m'banja. Kafukufuku wa amuna pafupi-fupi 4,000 amene anafalitsidwa mu 2018 sanapeze kuti okwera njinga ali ndi vuto limeneli kuposa othamanga kapena osambira. Zimene zidziwika bwino kuti zifooketsa mwamuna ndi shuga, BP, fodya ndi mimba yomweyo. Koma mukamva dzanzi pokhalira, ongolani cishalo kuti mphuno yake isaloze m'mwamba, ndipo muziimirira pang'ono mphindi 10 zilizonse.

Msewu, nyengo ndi madzi

Tiyenera kunena mosabisa: msewu wa Great East ukhoza kupha munthu msanga kuposa BP. Mu 2021 ndi mu 2022, caka ciliconse anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pa msewu muno mu Zambia. Pa Silverest padutsa mabasi a ku Chipata, magalimoto aakulu a ku Malawi, ndi a anthu othamangira nchito m'tauni. Miyezi yoyamba phunzirirani m'misewu ya m'kati mwa mapuloti ndi ya ku mafamu, kufikira manja atazolowera mabuleki ndipo mutha kuceuka osakhota.

Mukatulukira pa msewu waukulu, yendani kumanzere, mbali imodzi ndi magalimoto, osati moyang'anana nao. Valani cisoti ndi malaya owala. Ikani nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Musatseke makutu ndi nyimbo. Kumbukirani kuti msewu uno uloza kum'mawa: dzuwa likamatuluka licititsa khungu oyendetsa opita ku Chongwe, ndipo likamalowa licititsa khungu opita ku Lusaka. Pa nthawi zimenezo woyendetsa sakuonani ngakhale inu mumuona. Musachove mu mdima, ndipo musachove mutamwa mowa.

Nyengo nayo ili ndi malamulo ake. Mu Juni ndi Julaye m'mawa muzizira, tsono yambani mofatsa mphindi 10 kuti thupi litenthe. Mu Ogasiti kuli mphepo ndi fumbi. Yambani ulendo molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, ikukankheni. Mu Okutobala bwererani pa nyumba dzuwa lisanakwere, pakuti wacikulire sazindikira ludzu msanga. Nyamulani botolo la madzi, pafupi-fupi theka la lita pa ola lililonse. M'dzinja dothi literera ndipo mabuleki onyowa acedwa kugwira. Tsiku la mvula yambiri citani nchito za mphamvu m'nyumba.

Pakamwa pa anthu

Mtunda wovuta koposa suli pa msewu, uli pakamwa pa anansi. Kwathu kuno mimba tiicha ulemu. Mwamuna akanenepa timati amai asunga bwino, akayamba kuonda timayamba kunong'ona. Ife amene tinaona zaka za m'ma 1990, pamene maliro a AIDS anali tsiku ndi tsiku, tidziwa kumene mantha awa anacokera. Koma lero manthawo asunga anthu m'matupi amene akuwapha. Alipo amene aleka njinga pa mwezi waciwiri cifukwa wina wafunsa kuti, kodi muli bwino? Ena aopa kuti anthu adzati galimoto anagulitsa, ndalama zatha.

Mankhwala ake ndi kunena poyera. Uzani a m'nyumba, abale ndi anzanu kuti mwayamba kucepetsa thupi mwadala, ndipo auzeni cifukwa cake. Amai a m'nyumba akhale oyamba kudziwa, pakuti mbale yobwerera ndi nsima ikhoza kuoneka ngati mwano kwa wophika. Koposa zonse, sinthani mphika wa banja lonse, pakuti ana ndi adzukulu adzatengera zomwezo. Ndipo amai nao akwere. Kumidzi ya kum'mawa amai achova njinga kupita ku cigayo ndi ku msika tsiku ndi tsiku, tsono palibe cifukwa cakuti ku Silverest cikhale ca manyazi. Njinga yopanda mtanda pakati ndi yosavuta kukwera ndi kutsika, ngakhale kwa atate a msana wouma.

Komanso tisiyanitse zinthu. Kuonda kumene mwakufuna ndi kwina, kuonda kobwera kokha ndi kwina. Ngati thupi likutha popanda kusintha cakudya, makamaka pamodzi ndi cifuwa cosatha, thukuta la usiku, ludzu lalikulu kapena kukodza kawiri-kawiri, musayamike njinga. Pitani akakupimeni TB, shuga ndi HIV. Onsewa ali ndi thandizo akapezeka msanga.

Tiyende pamodzi

Mutu umodzi susenza denga. Munthu ali yekha apeza cifukwa cogonera, koma akadziwa kuti anzake awiri amudikira pa mphambano, adzuka. Gulu la anthu atatu kapena asanu lioneka bwino kwa oyendetsa magalimoto, ndipo wina akaphulitsa chubu kapena kudwala, alipo womuthandiza. Lamulo la gulu likhale lakuti liwiro ndi la wofooka koposa. Mmodzi anyamule pampu ndi zomatira, ndipo aliyense akhale ndi kapepala m'thumba kolembapo dzina lake, mankhwala amene amwa ndi nambala ya wa ku nyumba.

Tipemphanso a khonsolo ya Chongwe, a RDA ndi a RTSA kuti pamene Silverest ikukula akumbukire oyenda pa njinga ndi oyenda pansi. M'mbali mwa msewu mukonzedwe ndi kusesedwa mcenga, pa masukulu ndi pa misika pakhale zocepetsa liwiro, ndipo misewu yatsopano ikhale ndi kanjira ka njinga. Kanjira kameneko kadzateteza mwana wa sukulu, mlimi wopita ku msika, wonyamula makala, ndi nkhalamba imene adokotala aiuza kuti iyende.

Kwa inu anzathu, sabata ino citani zinthu zitatu cabe. Kapimitseni BP ndi shuga. Pindani cingwe ndi kuyesa ciuno, mulembe tsiku lake. Tulutsani njinga muipereke kwa wokonza aone mabuleki ndi matayala. Sabata ya mawa yambani ndi mphindi 15, ndipo mubwerere pa nyumba mukali ndi mphamvu yakuti mukanatha kupitiriza. Tinamanga nyumba zathu kuno njerwa imodzi-imodzi, ndipo tifuna kukhalamo nthawi yokwanira kuti tione adzukulu akumaliza sukulu.